Mwanapiye Wachikhumi ndi Kabotolo ka Jivi

Ntchito yanga ndi ya matabwa. Ndimapala m'mbali mwa msewu kuno ku Kalingalinga, pansi pa kashedi ka malata, ndipo anthu opita pansi m'mawa kukagwira ntchito kumayadi amandidziwa chifukwa cha zitseko ndi mabedi omwe ndimatsamiritsa panja. Munthu wa matabwa sasowa utuchi. Umalowa m'nsapato, m'makutu, ngakhale m'thumba la jekete ya kutchalitchi imene siinafikepo kushedi. Kwa zaka zambiri utuchiwo ndinkangopatsa oweta nkhuku. Tsiku lina ndikusenzetsa mayi wina saka lodzaza, ndinadzifunsa kuti kodi ndinalakwa chiyani ine kuti nkhuku za eni ake zizigona mofewa pa utuchi wanga, pamene kwanga kulibe ngakhale nthenga imodzi.

Ndinakafotokozera amake ana. Iwo anakulira ku Katete, nkhuku zikuwapita m'miyendo. Ine ndinabadwira muno m'komboni, ndipo nkhuku ndinkaidziwa ili kale m'mbale.

"Muzizisunga kuti?" anandifunsa. "Pansi pa bedi?"

Ndinawaonetsa kampata ka kuseri kwa nyumba, pakati pa khoma lathu ndi mpanda wa a neba. Ndinakhoma khola la matabwa otsala ndi waya, n'kuyalamo utuchi wanga womwe. Kenako ndinapita ku Mtendere kwa mayi wina woweta nkhuku za kumudzi, n'kubwerako ndi anapiye khumi m'katoni. Anali atasiyana kale ndi make, nthenga zitayamba kudzaza m'mapiko.

Sindinatenge khumi mwangozi. Masiku amenewo ndinali kuwerenga mabuku a chilamulo, aja ambiri amawadumpha pothamangira nkhani za nkhondo ndi za zozizwitsa. Ine ndimawakonda, mwina chifukwa muli miyeso yambiri, mikono yakutiyakuti m'litali, yakutiyakuti m'lifupi, ndipo mmisiri akaona miyeso mtima umakhala m'malo. M'menemo ndinapeza kuti mbusa ankaima pakhomo la khola ndi ndodo, ziweto n'kumadutsa pansi pake, ndipo chachikhumi chilichonse chinali cha Mulungu. Mbusayo sankaloledwa kusankha. Chonenepa kaya chowonda, chimene chadutsa pachikhumi ndi chomwecho. Ndinalonjeza mumtima kuti mwanapiye wanga wachikhumi ndidzamulera mpaka Sande ya masika, tsiku lija timapita kutchalitchi ndi zoyamika, wina dengu la mbatata, wina nzimbe, wina nkhuku, zonse n'kukagawidwa kwa odwala ndi okalamba a mumpingo.

Ndodo ya mbusa ndinalibe. Ndinatenga rula yanga yaitali yamtengo n'kuipingasa pakhomo la khola, amake ana n'kupendeketsa katoni.

"Muwerenge bwino, atate ake," anatero. "Awa sadziwa mzere."

Zoonadi sankaudziwa. Woyamba kutuluka anali katambala koyera, kamiyendo italiitali, koyenda modzimva. Kenako atatu anatuluka pamodzi ngati anthu otsika minibasi, wina n'kudumpha pamwamba pa rula m'malo modutsa pansi. Ndinawerenga mokweza mpaka naini. M'katoni munatsala kamodzi, kotuwa, kochepa kuposa onse, katadzipanikiza pangodya. Amake ana anagogoda katoni, kenako kanatuluka chammbali n'kudutsa pansi pa rula ngati kakupepesa.

"Ka Mulungu ndi aka?" anatero amake ana. "Bwezerani onse m'katoni, muyambirenso."

"Sizibwerezedwa."

"Chabwino. Mwini wake waona yekha."

Vuto linali loti otuwa analipo atatu. Nthawi imeneyo wachikhumi ankadziwika ndi kuchepa, koma ndinaganiza kuti akadzakula adzafanana, ine n'kudzapereka wina poyesa ndi iye. Pankafunika chizindikiro. Ndipo munthu wowerenga Malemba akamva za chizindikiro, maganizo amathamangira kumodzi: kwa anthu aja anapaka magazi pamafelemu a zitseko zawo kuti imfa iwapitirire. Chofiira, ndinatero mumtima, ndicho chizindikiro cha otetezedwa.

A neba athu a kuseri kwa mpanda ndi owotcherera zitsulo, amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Ndi munthu wamkulu ndithu, wa ana ake, koma pakamwa pake sipatsekeka, ndipo tchalitchi amalowa pa maliro ndi pa ukwati pokha. Amanditcha dikoni ngakhale sindinakhalepo dikoni. Lachinayi lina, amake ana atapita kumsonkhano wa amayi, ndinasuzumira pampanda n'kuwapempha penti wofiira uja amapaka zitsulo kuti zisachite dzimbiri.

"Ba dikoni, mufuna kupenta chani?"

"Mwanapiye."

Anazimitsa makina awo, n'kukweza chigoba cha kumaso. "Nkhuku? Manje yakhala geti?"

Ndinawafotokozera za ndodo ndi za chachikhumi. Anamvetsera mpaka pamapeto, n'kundipatsa penti m'kachitsekero ka botolo.

"Tengani. Ni vya Mulungu, siningakane. Koma mukamuuzeko ati naine ninaikako."

Ndinakagwira kamwanapiye kaja n'kukadontheza penti pamsana, pafupi ndi mchira, kadontho kaudongo konga ka batani la malaya. Ndinadikira kuti kaume, ndinapemphera mwachidule, n'kukabwezera kwa anzake. Ndinabwerera kushedi mtima uli mbee.

Nditabwera masana kudzaika madzi, ndinamva phokoso ndisanakhote pangodya ya nyumba. M'khola munali mpikisano. Kotuwa kaja kankathamanga mozungulira, anzake onse ali pambuyo, aliyense akufuna kufikitsa mlomo pakadontho. Penti anali atatha. Nthenga za pamalopo zinali zitazulidwa, khungu litang'ambika, ndipo pamene ndinaika chofiira changa panali tsopano chofiira chenicheni, chikutsetserekera kumwendo. Kakati kabisale pansi pa chodyeramo, ankakakoka mchira. Abale a katoni imodzi, ogona pa utuchi umodzi! Ndinaona ndi maso anga nkhani ija ya mwana wokondedwa amene anavekedwa malaya osiyana ndi a abale ake, ndipo wosoka malayawo ndinali ine.

Ndinalowetsa mkono n'kukatulutsa. Kamtima kake kankagunda m'dzanja langa ngati kakufuna kutuluka. Nthawi yomweyo amake ana anatulukira, akadali mu yunifomu ya Lachinayi, duku lili nji. Anayang'ana bala, anayang'ana kachitsekero kofiira pawindo, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwakapaka chiyani?"

"Chizindikiro."

"Chofiira? Pa nkhuku?" Anaika chikwama pansi pang'onopang'ono. "Atate ake, nkhuku ikaona chofiira pa inzake imafuna kulawa. Imodzi ikayamba, zonse zimatsatira. Magazi akatuluka ndiye sizilekanso mpaka inzawo itagona. Inu mwaziyalira tebulo, n'kuziimbiranso belu."

Ndinayamba kunena za mafelemu a zitseko. Anakweza dzanja.

"Nkhuku sizinawerenge pamenepo. Thamangani kukashopu ka mankhwala mukagule jivi. Ine nditenthetse madzi."

Jivi ndi mankhwala aja a m'kabotolo, amene tinkapaka ana athu pazilonda ali aang'ono, opaka kamodzi n'kukhala masiku osachoka. Nditabwera naye, ndinapeza amake ana atavula yunifomu, atamanga chitenje, madzi ofunda ali m'kambale ndi kamchere pang'ono. Anandikhazika pampando n'kundipatsa wodwalayo kuti ndimugwire, dzanja lina mapiko, lina miyendo. Anameta ndi sizasi nthenga zonse zimene zinatsala ndi penti. Anatsuka balalo ndi thonje, mofatsa, kuchokera pakati kupita kunja, n'kumasintha thonje mpaka magazi ndi utuchi zitachoka. Bala linali lalikulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu, koma mwamwayi silinalowe mkati.

Mutu wa a neba unatulukira pamwamba pa mpanda.

"Yaba! Ba pasta bavulala? Ikani chabe oilo yakuda ya mu injini, vimaleka kujompana."

"A neba," anatero amake ana osatukula mutu, "oilo muzipaka mageti anu. Penti wanu watikwana."

"Ine nenze kuthandiza chabe nchito ya Mulungu, bamayo."

"Mwathandiza. Pitani mukawotche."

Anakulunga kathonje kumtengo wa machesi, n'kuviika m'kabotolo. Anati jivi amaumitsa bala, komanso amabisa kufiira kuti anzake asakuone. Atangokhudza, pamsana ponse panasanduka mtundu uja amake ana amautcha pepo. Ine ndimautchula monga m'Malemba athu akale, chibakuwa, mtundu wa zovala za mafumu. Ndinanena zimenezo mokweza, kuti taonani, tafuna kukaveka chofiira koma Mwini wake wakaveka chibakuwa. Ndikulankhula choncho dzanja linalekerera pang'ono. Kamwanapiye kanapalasa mwendo, n'kumenya kabotolo kamene ndinapana pakati pa mawondo. Ndinakawakha kasanagwe, koma theka la jivi linathera m'manja mwanga.

"Nanunso wakuvekani," anatero amake ana.

Ndinasamba ndi sopo. Ndinatsuka ndi mchenga. Ndinafika poyang'ana sandipepa wanga mwachidwi, amake ana n'kumubisa. Sande inafika manja akadali achifumu. Ntchito yanga kutchalitchi ndi yaing'ono, kuima pakhomo, kupereka moni ndi kusonyeza alendo pokhala, koma ndi ntchito ya manja. Amayi ankatambasula dzanja n'kulibweza pakati panjira. Ana ankaseka kuseri kwa zitenje. Ndiye anafika mkulu wa mpingo wathu, bambo wachikulire amene anagwira ulonda zaka zambiri kumayadi, munthu wosafulumira kulankhula. Anandigwira dzanja, n'kulitembenuza uku ndi uku.

"A bambo," anatero, "mwavota kangati?"

Ndinawauza mwachidule kuti ndi nkhani ya nkhuku. Anagwedeza mutu n'kulowa, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka mpaka kumpando wakutsogolo.

Wodwala uja sakanabwerera kwa anzake bala lili liwisi. Kushedi kunali kabati yaing'ono ya nsapato imene mwini wake sanabwere kudzatenga. Ndinachotsa chitseko, n'kukhomapo waya, n'kuyalamo utuchi watsopano, ndipo chinakhala chipatala. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito tinkaona bala ngati lili louma, ngati silikununkha, ngati ntchentche sizinafikepo, n'kuwonjezera jivi pamene wafufuma. Koma kamwanapiye kanakana kudya. Kankangoima pangodya n'kumalira, kulira kwake kopyapyala kosalekeza, kuitana omwe aja anakazunza. Zinandidabwitsa, mpaka ndinakumbukira kuti nanenso ndakhalapo ndi anthu amene anandipweteka koma tsiku limodzi osawaona ndimawasowa.

Amake ana anasankha m'khola kamodzi kofatsa, kakuda, kamene sikankalimbirana chakudya, n'kukaika m'chipatala kuti kakhale kodikirira wodwala. Kakuda kanayamba kudya gaga ngati palibe chachitika. Kotuwa kanayang'ana, kanasendera, kenako kanajompha gagayo kamodzi, kawiri. Tinayang'anana ndi amake ana.

Sindichita manyazi kunena kuti ndinkakapempherera. Ndinkagwada pamaso pa kabati ya nsapato, bambo wa imvi, n'kumakumbutsa Mulungu kuti Iye sanyoza tating'ono, kuti ngakhale timbalame ta m'malata mwathu sitigwa Iye osadziwa. Sindinkapempha zambiri. Ndinkangoti, aka ndi kanu, ine ndakaononga pofuna kukasunga, kachiritseni Inu. Ndipo mumtima munali funso limene ndinkaopa kulitulutsa.

Analitulutsa ndi amake ana, tsiku lina tikupaka mankhwala.

"Malemba omwewo sanena kuti chopereka chisakhale ndi chilema?"

Amatero, ndipo ndinkadziwa bwino. Ndinkadziwanso za mneneri amene anakalipira anthu obweretsa kuguwa zotsimphina ndi zodwala, zabwino atazisiya kunyumba. Mawu amenewo anali atandikhala pakhosi chiyambire tsiku la penti.

"Ngakhale kachire, padzatsala chipsera," anapitiriza. "Perekani tambala woyera uja. Ndi wamkulu, ndi wokongola, alibe ngakhale kadontho. Mukalowa naye m'tchalitchi anthu adzatembenuka."

"Kusinthanitsa n'koletsedwa."

"Ngakhale mukupereka wabwino koposa?"

"Ngakhale choncho. Ndipo amene wasinthanitsa amaluza zonse ziwiri. Yoyambayo ndi yolowa m'maloyo, zonse zimakhala za Mulungu."

Dzanja lawo linaima m'malere, kathonje kakudontha.

"Zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri."

"Ndiye musasinthe. Gwirani bwino phiko ilo."

Tinaseka, koma funso silinachoke. Lamulo lina linkandiuza kuti ndisasinthe, lina linkandiuza kuti ndisapereke chachilema, ndipo ine ndinali pakati ngati thabwa lopanidwa mbali zonse.

Podikira kuti bala lipole, amake ana anandipatsa ntchito ina. Anati penti ndiye anayambitsa, koma khola langa nalonso linali ndi mlandu: linali lokongola koma lochepa, chodyeramo chinali chimodzi, ndipo anapiye okhala mothithikana opanda chochita amayamba kufufuzana nthenga. Ndinakulitsa khola mpaka kukafika pampanda. Ndinakhoma chodyeramo chachiwiri ndi mtengo wokwerapo. Amake ana ankabwera ndi masamba a repu ndi a kabichi otsala pamsika, n'kuwamangirira pachingwe kuti azilendewera, anapiye n'kumadumphira tsiku lonse. Anati mlomo wa nkhuku uli ngati pakamwa pa a neba, ukasowa ntchito umaipeza pa mnzake.

"Namva!" anafuula a neba kuseri kwa mpanda.

"Ndimafuna mumve," anayankha amake ana.

Bala linauma, nkhanambo inagwa, tinthenga tatsopano tinayamba kuphuka m'mbali. Tinapakanso jivi komaliza, n'kubwezera kotuwa ndi kakuda m'khola chakumadzulo, nthawi imene nkhuku zimaganiza zogona kuposa zomenyana. Tinaima pawaya kwa kanthawi. Panalibe chachilendo, ndipo tinalowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinapeza tinthenga tatsopano tija titazulidwa, pakhungu pali kokanda kakang'ono. Magazi sanatuluke, koma wina anali atayesa. Ndinayang'ana onse naini. Aliyense anali kudya gaga ndi nkhope ya munthu wosadziwa kanthu. Ndinaitana amake ana kuti adzaone, iwo n'kuyamba kuseka asanafike n'komwe pawaya.

"Taonani mlomo uwo."

Tambala woyera, woyamba kudutsa pansi pa rula, wopanda kadontho, amene akanatembenuza anthu m'tchalitchi, anali ataima patsogolo chifuwa chili tutumu, mlomo wake wonse uli wachibakuwa mpaka m'mphuno.

"Uyu ndiye mumati ndipereke?" ndinafunsa.

"Ndinkaona nthenga, atate ake. Mtima sindinauone."

Tambalayo analowa m'kabati ya nsapato, imene inasiya kukhala chipatala n'kukhala ndende. Koma amake ana anati sizokwanira. Jivi wabisa magazi, inde, koma kotuwa kanali kokha kokhala ndi dontho, ndipo nkhuku sizikonda wosiyana nazo. Wina adzayesanso. Anatenga kabotolo kachiwiri, n'kundiuza kuti ndizigwira mmodzimmodzi. Tinawapaka onse pamsana, pamalo omwewo, dontho lofanana, ngakhale wa m'ndende uja. Titamaliza, m'khola munali anapiye achibakuwa okhaokha, aliyense akutembenuka kuyang'ana msana wa mnzake, kenako n'kuyesa kuona wake. Palibe anajompha. Ukajompha bwanji mnzako pa chinthu chimene nawe uli nacho?

A neba anakwera pa ndowa kuti aone bwino.

"Ba dikoni, manje zonse zangena mu kwaya? Yunifomu yafika?"

"Yafika," ndinatero. "Malo alipo, mubwere Sande."

"Nizabwera tsiku muzaphika ija ili mu selo."

Kuchokera pamenepo m'khola munakhala mtendere. Tambala atabwerera anapeza kuti anzake aiwala kumuopa, n'kuyamba kulimbana ndi kabichi. Mphepo ya chisanu inadutsa, fumbi linafika, jivi anafufuma pang'onopang'ono n'kutha ndi nthenga zakale. Anapiye anasanduka nkhuku. Ine ndi ntchito zanga ndinaleka kuziyang'anitsitsa, ndinkangoika chakudya ndi madzi n'kuthamangira kushedi.

Loweruka loti mawa ndi masika, ndinaweruka msanga kuti ndikonzekere. Ndinapanga kabokosi kaudongo konyamuliramo, n'kupita kukhola. Pamtengo wokwerapo panali misoti itatu yotuwa. Yofanana msinkhu, yofanana lipombo, yofanana mayendedwe. Wochepa uja anali atakula n'kufika pa anzake. Chimene ndinkaopa pachiyambi, chimene chinanditengera kumpanda kukapempha penti, chinali chitandipeza. Chofiira chinapita, chibakuwa chinapita, ndipo sindinkadziwa kuti nkhuku ya Mulungu ndi iti.

"Amake ana! Tabwerani."

Anabwera akupukuta manja. Anayang'ana misoti itatuyo kwa nthawi.

"Mukalakwitsa ndiye kuti mwasintha?"

"Ndiye kuti ndasintha."

"N'kupita ziwiri?"

"Mwina zonse zitatu, poti sitidzadziwa."

Sindinawaonepo akulowa m'khola mwachangu chotero. Anagwira woyamba n'kundipatsa. Ndinamupana m'khwapa, iwo n'kupatula nthenga za pamsana ndi zala, kuuzira ndi pakamwa kuti khungu lioneke. Linali losalala. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anatithawa kawiri, n'kutigwetsera madzi, koma titamugwira ndi kupatula nthenga, pafupi ndi mchira panali kamalo kopanda nthenga, kolimba, kotuwira, konga chikhadabo. Nthenga za m'mbali zinali zitakaphimba bwinobwino moti kunja sikankaoneka.

"Ndi uyu," anatero amake ana.

Ndinaika chala pachipseracho. Miyezi yonseyo ndinkapempha kuti chipsera chisatsale. Chikanapanda kutsala, sindikanaidziwa. Ndinakumbukira kuti ngakhale Ambuye wathu, atabwerera kwa anzake amene ankakayika, sanawaonetse chovala kapena chisoti. Anawaonetsa manja. Sindikunena kuti nkhuku ya m'kampata ka ku Kalingalinga ingafanane ndi zimenezo. Ndikungonena zimene zinandifika mumtima nditaima m'khola, madzi a nkhuku ali m'nsapato.

M'mawa wa Sande ndinanyamula kabokosi, amake ana ali pambuyo ndi dengu la tomato. Pakhomo la tchalitchi panali tebulo lolandirira zamasika, ndipo wolandira anali mkulu wa mpingo uja. Funso langa linali lisanatheretu, choncho ndinatulutsa nkhuku m'bokosi n'kuwauza zonse: za rula, za penti, za lamulo losasintha ndi lamulo la chilema. Pambuyo panga mzere unkakula, wina atasenza nzimbe, mayi wina akulimbana ndi bakha. Ndinapatula nthenga n'kuwaonetsa.

Anavala magalasi, n'kuwerama.

"Imayenda?"

"Imathamanga."

"Imaona?"

"Maso onse awiri."

"Mwaisankha chifukwa ndi yoipa, kuti zabwino zitsale kwanu?"

"Iyayi. Iyi ndiyo yadya jivi, thonje, kabati ya eni ake ndi mawondo anga."

Anavula magalasi n'kuwapinda mosafulumira.

"A bambo, mabenchi a m'tchalitchi muno munakhoma ndinu. Tikati aliyense wa chipsera abwerere pakhomo, mudzawanyamula kubwerera nawo kushedi, poti sipadzakhala wokhalapo. Bweretsani nkhuku."

Ndinaipereka ndi manja awiri. Mtima unapepuka ngati ndatula thabwa la mukwa limene ndinasenza kuchokera chisanu. Ndinafuna kuisisita komaliza, n'kutambasula dzanja kumutu kwake. Nkhuku ya Mulungu inapendeketsa mutu, inandiyang'ana ndi diso limodzi, n'kundijompha pachala chachikulu ndi mphamvu zake zonse. Kadontho ka magazi kanatuluka.

Mkulu wa mpingo anayang'ana chalacho, kenako anayang'ana bakha wa mayi uja amene anali atatalikitsa kale khosi.

"Bisani chofiiracho msanga," anatero. "Jivi muli naye kunyumba?"

"Watsala theka," anayankha amake ana, akundikulunga chala ndi nsonga ya chitenje. "Tiyeni, atate ake, nyimbo yayamba."